A Makwinja ndi Nkhumba Yawo Yofiira

Lamlungu lapitali tinali ku Oldbury pa Misa yokumbukira kuti patha chaka chitisiyireni a Gervazio Makwinja. Titatuluka m'tchalitchi tinapita kunyumba kwawo, aliyense atanyamula mbale yake yovindikira monga timachitira kuno. Patebulo panali mpunga, nkhuku, usipa umene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi, ndi masamusa a m'sitolo. Nkhumba panalibe. Mwana wawo Tiyamike amadziwa kaphikidwe kake, koma anatiuziratu kuti mtima wake sunakonzeke. Komabe ndinaona azibambo angapo akuyendetsa maso patebulopo kuchokera uku mpaka uko, kenako n'kutenga nkhuku mwakachetechete. Pobwerera m'basi ndinaganiza zolemba zimene ndikukumbukira za munthuyu, ndisanayambe kuziiwala kapena kuzikometsera.

Ndinawadziwa chaka chimene ndinafika ku England kudzagwira ntchito ya unamwino. Akazi awo, mayi Makwinja, anali namwino wamkulu kwa ine amene anatsogola kubwera kuno, ndipo ndi iwo anandipatsa kachipinda kapamwamba m'nyumba yawo yalendi mpaka nditapeza pokhala panga. Tsiku loyamba ndinafika nditatopa, makutu akulirabe ndege. Amene ananditsegulira chitseko anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, atavala chipewa chaubweya ndi epuloni, manja ali psuu mpaka m'zigongono. Ndinabwerera m'mbuyo poganiza kuti munthu wadzicheka. Iwo anaseka, n'kundipatsa mkono kuti ndigwire m'malo mwa dzanja, kenako anafunsa mfunda wanga. Nditanena kuti ndine Nabanda, dzina langa lenileni sanalitchulenso mpaka imfa yawo.

Ankagwira ntchito ku weyahausi ina ku West Bromwich, yolongedza katundu. Za ntchitoyo sankadandaula, komanso sankaitenga ngati ntchito. Ankati amapita kukasewera ndi makatoni kuti boma liziwaona kuti ndi munthu, koma ntchito yawo yeniyeni ili m'khitchini. Chipewa chija sankachivula ngakhale dzuwa la July liswe mtengo, ndipo ankakhulupirira kuti chimfine cha kuno chimalowera padazi.

Kumudzi anali khukhi wa ansembe pa parishi ina ku Chiradzulu kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira nkhumbayi. Kunabwera wansembe wa ku Mexico, Bambo Inyasiyo, munthu wachinyamata, amene chakudya cha kwathu chinawakana. Ankalawa pang'ono n'kuthokoza, uku kolala ikunka niwakulira pakhosi. Tsiku lina akuyenda kuseri kwa nyumba ya masisitere anaona kamtengo ka zipatso zaubweya, zimene ana ankaswa n'kumadzipaka kumaso njere zake zofiira posewera. Akuti anathamangira kukhitchini atanyamula mkanjo m'manja kuti usawakole, akufuula dzina la njerezo: achiyote. Sabata yomweyo anagula mwana wa nkhumba, anakumbitsa dzenje kuseri kwa khitchini, ndipo wansembe ndi khukhi wake anagwada limodzi padothi kukulunga nyama m'masamba a nthochi monga amachitira kwawo kwa wansembeyo.

Nkhani imeneyi ndinaimva kambirimbiri, ndipo inkasintha. Nthawi zina nkhumbayo inabwera panjinga, nthawi zina inathawa n'kukalowa m'kalasi ya katekisimu. Chimene sichinkasintha ndi mathero ake. Atafukula nyama, Bambo Inyasiyo anadya ndi manja, misozi ikuyenderera m'masaya, ndipo a Makwinja, pochita manyazi kuona wansembe akulira, anathawira kukatsuka miphika imene anali ataitsuka kale. Ankati kuyambira tsiku limenelo anadziwa kuti njala ina si ya m'mimba.

Dzina la chakudyacho ndi kochinita, ngakhale ambirife tinkangoti nkhumba ya a Makwinja. Ntchito yake inkayamba dzulo lake. Ankapita okha kumsika waukulu wa mu Birmingham kukasankha nyama ya paphewa, ya mafuta ake ndi fupa lake, akuidinadina ndi chala mpaka wogulitsa atatopa nawo. Akafika kunyumba ankatulutsa kamtondo kamene anabwera nako m'sutikesi, n'kusinja njere za achiyote, zolimba ngati timiyala, pamodzi ndi adyo, mchere, tsabola wakuda ndi zonunkhira zina zimene ukawafunsa maina ake ankayamba kutsokomola. Zosinjazo ankazisungunula ndi madzi a malalanje owawasa, n'kupaka nyama yonse ndi manja, akuibaya ndi mpeni kuti zilowe. Ikatero inkagona m'filiji mpaka m'mawa.

Kupeza zinthu zimenezi kuno inali nkhondo payokha. Achiyote anamusowa chaka chathunthu, mpaka namwino wina wa ku Philippines wa pawodi ya akazi awo anamva nkhaniyo n'kuseka, nati kwawo njere zimenezo amathira mu mphodza. Kuyambira pamenepo mayiyo ankabwera ndi kapaketi, n'kulandira mbale yake. Masamba a nthochi ankawagula oundana m'filiza ya sitolo ya Matchaina, ndipo nthawi zonse powawawula pamoto kuti afewe ankawanyoza kuti ndi masamba akufa, oti kumudzi ngakhale mbuzi ingawakane. Malalanje owawasa amapezeka mu January mokha, pamene azungu amaphika jamu wawo. Miyezi ina yonse ankasakaniza malalanje wamba ndi mandimu, n'kutichenjeza tisanadye kuti ya lero ndi yongoyerekeza.

M'mawa ankayala masamba m'thireyi yakuya, n'kuikamo nyama ndi madzi ake onse, kuikulunga, kuphimba ndi foyilo, n'kulowetsa mu uvuni pamoto wochepa kwambiri. Akatero ankakoka mpando n'kukhala patsogolo pa uvuniwo ngati mlonda. Wotsegula chitseko cha uvuni nthawi isanakwane anali mdani wawo. Ankati nyama imeneyi sikonda kuyang'anidwa, ndipo munthu wachangu azikazinga mazira. Ankanenanso kuti moto waukali ndi wabodza, umapsereza kunja m'kati muli mwazi, ndipo mawu amenewa ankawanena pa nyama, pa kulera ana ndi pa ndale zomwe. Podikira ankaduladula anyezi wofiira n'kumunyika m'madzi a mandimu mpaka asanduke wa pinki, ndi tsabola wa Ajamaika wa ku Handsworth m'malo mwa kambuzi, n'kuotcha timikate topyapyala ta chimanga pachiwaya chouma. Chakumadzulo, akatsegula masamba aja, nyama inkayoyoka yokha pafupa. Mpeni sunkafunika.

Sankaphikira aliyense, ndipo sankauzidwa tsiku. Khirisimasi ndi Pasaka zinali zodziwika. Kupatula apo ankasankha okha: wina akakhoza mayeso, wina akalandira mapepala patatha zaka akubisala, wina akatuluka m'chipatala anthu atataya kale mtima. Ine anandiphikira nditalandira chilolezo chogwira ntchito ngati namwino wokwanira. Koma bambo wina wolemekezeka atawapempha kuti aphike pa phwando lokumbukira kubadwa kwake, anakana poyera, nati munthu wa imvi kubadwa anabadwa kalekale, palibe chachilendo.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Anali ndi liuma, ndipo ankasunga zinthu kukhosi. Ukasiya nyama pambale ankakukumbukira mpaka chaka chinacho. Ukapanda kuyamika ankangokhala duu madzulo onse, ukayamika kwambiri ankati ukuwanamiza. Mnzawo wapamtima anali a Tembo, a ku Chipata, oyendetsa basi, munthu wokonda kuotcha nyama pamakala ndi kulankhula mokweza. Tsiku lina a Tembo anatenga botolo la tomato sosi n'kuthira pa kochinita pamaso pa eni ake. A Makwinja anaimirira, anawalanda mbaleyo, n'kuwapatsa buledi wouma. Anatha mwezi osalankhulana, akukhala benchi imodzi m'tchalitchi, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere ankagwirana chanza aliyense akuyang'ana kwina.

Ndi akazi awo mkangano unali wa tsiku ndi tsiku. Mayi Makwinja ndi munthu wadongosolo, wolankhula pang'ono, woopedwa pawodi ndi kumpingo komwe. Ankadandaula kuti yunifomu yawo ikununkha adyo, kuti m'filiji mulibe poika mkaka, ndipo koposa zonse kuti mafuta ndi mchere umenewu udzawapha amuna awo, amene BP yawo inali yokwera kale. A Makwinja ankayankha kuti pa parishi anaphikira maliro a anthu ambiri oonda. Mapilitsi ankamwa pokhapokha akazi awo akaimirira pamutu pawo. Tiyamike, amene anabwera kuno ali ndi zaka khumi ndi zitatu, naye anali ndi dandaulo lake. Ankabisa jekete lake la sukulu m'chipinda kuti lisatenge fungo, ndipo bambo ake akamulankhula m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi. Iwo sankakwiya nazo. Ankati bola akuyankha.

Mantha a mayi Makwinja anadzapherezera. Sitiroko yoyamba inawagwira amuna awo ku weyahausi, n'kuwafooketsa dzanja lamanja. Pasaka yotsatira anaphikabe, atakhala pampando, akulamula Tiyamike ndi a Tembo, akudandaula kuti wina akusinja ngati akuopa kudzutsa mwana, winayo akupaka nyama ngati akupenta khoma. Yachiwiri inabwera patatha miyezi ingapo, ndipo sanadzukenso. Thupi tinalitumiza kumudzi, ali ku Chiradzulu pafupi ndi makolo awo. M'masiku onse a maliro sindinamve mayi Makwinja akunena kuti, "Ndinkanena ine."

Koma chimene chandichititsa kulemba si imfa yawo. Ndi zimene anachita m'January wina, zaka ziwiri asanadwale.

Tiyamike anali m'chaka choyamba ku yunivesite pamene anapezeka ndi pakati. Mnyamata wake anali wa kuno, ndipo atamva nkhaniyo foni yake inasiya kupezeka. Pa nthawiyo mayi Makwinja anali wapampando wa gulu lathu la Amalawi limene limakumana kamodzi pamwezi pa Misa ya Chichewa. Iwo ndi amene ankalangiza atsikana, ndi amene makolo ankawatumizira ana ovuta. Nkhani inayenda m'mafoni kuchokera ku Wolverhampton mpaka ku Coventry sabata isanathe, ndipo panali ena amene anaikondwerera. M'nyumba munalankhulidwa mawu olemera. Sindinalipo, ndipo sindidzawabwereza. Ndikudziwa kuti tsiku lina masana Tiyamike anagogoda pa fulati yanga ku West Bromwich ali ndi chikwama chimodzi, maso atatupa, ndipo anakhala ndi ine mpaka mwana atabadwa, n'kupitirira.

Mayi ake sanabwere. Pantchito tinkakumana, n'kupatsana moni, n'kukamba za odwala. Bambo ake ankabwera pafupifupi tsiku lililonse akaweruka, atanyamula kontena ya chakudya. Sankalalikira, sankafunsa za mnyamatayo. Ankakhala pampando, chipewa kumutu, n'kumuyang'anira mwana wawo mpaka amalize kudya, kenako ankatsuka kontenayo n'kukakwera basi. Tsiku lina ndikuwaperekeza pamasitepe ndinawafunsa ngati akuyesa kulankhula ndi mayi kunyumba. Anati akazi awo ali ngati nyama ya paphewa, ukaifulumiza imalimba. Ndinaona kuti iwonso zikuwapweteka, chifukwa nthabwalayo anainena osaseka.

Mwana anabadwa Khirisimasi itangodutsa, wamwamuna. Agogo ake aamuna anafika kuchipatala ndi zovala za ku weyahausi, anamunyamula, n'kumutcha Takondwa. Agogo ake aakazi anatumiza matewera ndi bulangete kudzera mwa ine, opanda uthenga.

Pa Misa ya Chichewa ya mwezi wotsatira, itakwana nthawi ya zolengeza, mayi Makwinja ali kutsogolo ndi pepala lawo, amuna awo anaimirira kumbuyo. Munthu amene pa zaka zonsezo sanalankhulepo pagulu, amene malo ake anali kukhitchini ya holo. Anthu anatembenuka.

"Ine ndine Makwinja, mumandidziwa," anatero. "Kwathu kwabadwa mwana, dzina lake Takondwa. Mayi ake ndi Tiyamike, mwana wanga. Loweruka likubwerali tikumutulutsa m'chikuta, kunyumba kwanga ku Oldbury. Ndiphika nkhumba ya m'dzenje, yeniyeni. Amene ali ndi njala abwere."

Anakhala pansi. Mayi Makwinja anayang'ana pepala lawo kanthawi, kenako anapitiriza kuwerenga za tsiku loyeserera kwaya, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Pambuyo pake ndinamva kuti atafika kunyumba anawauza amuna awo kuti awavula pagulu, ndipo ngati akumbadi dzenjelo iwo Loweruka akagwira ntchito. A Makwinja anayankha kuti odwala nawonso ndi anthu, apite. Mayi anakapemphadi shifiti ya m'mawa ya tsikulo.

Chifikireni ku England a Makwinja anali asanaphikepo m'dzenje. Gadeni ya kuseri inali kachigawo kakang'ono ka udzu pakati pa mafensi awiri, ya landilodi, ndipo nthaka inali itauma gwa ndi chisanu. Lachinayi ndi Lachisanu anakumba ndi a Tembo, amene anabwera ndi piki osaitanidwa. Pansi pa udzu anapeza dongo, zidutswa za mabotolo ndi makala akalekale a m'mafakitale. Mayi wina wokalamba wachizungu woyandikana nawo anasuzumira pafensi n'kufunsa mwachisoni ngati galu wawo wamwalira. Atamva kuti ndi uvuni, anawapatsa njerwa za kashedi kake kakugwa, pa pangano loti alawe nawo. Malalanje owawasa anali m'nyengo yake. A Makwinja ananena kuti zimenezo zokha zikusonyeza kuti mwanayu anadziwa nthawi yobadwira.

Loweruka m'mamawa anayatsa nkhuni m'dzenjemo mpaka njerwa zitafiira, anatsitsiramo chithini cha nyama yokulungidwa m'masamba, anaphimba ndi lata, n'kukwirira ndi dothi mpaka utsi utasiya kutuluka. Kenako anasiya a Tembo akulondera, n'kukwera basi kudzatitenga. Tiyamike anali atasintha maganizo. Anakhala pabedi ndi mwana, akulira, akuti sangakaime pamaso pa anthu amene akhala akumunena miyezi yonseyi. "Dad, please, just leave it," anatero. Bambo ake sanatsutsane naye. Anatenga chikwama cha matewera n'kuchikoleka paphewa, anaima pakhomo, n'kunena kuti nyama ili kale pansi, ndipo kuifukula yekha munthu n'kulaula. Anaima pomwepo mpaka mtsikanayo atavala nsapato.

Masana anthu anayamba kufika, koma mwa apo ndi apo. Oyamba anali namwino wa ku Philippines uja ndi mwamuna wake, kenako anyamata a kwaya, kenako mabanja angapo. Ena anabwera chifukwa chokonda banjali, ena chifukwa cha nkhumba, ena kudzaona mmene zithere. Amayi akuluakulu a gulu lathu ambiri sanabwere, poopa kukhumudwitsa wapampando wawo. Amene anabwera anapeza Tiyamike atakhala pabalaza, pampando wa bambo ake, mwana ali pamiyendo, ndipo a Makwinja ankalondolera mlendo aliyense kwa iye asanamupatse chakumwa. Panalibe njira yolowera m'nyumbamo osamupatsa moni.

Nthawi yofukula inakwana, n'kupitirira. Ana anayamba kulira njala. A Tembo anayamba kuzungulirazungulira dzenje ndi fosholo, akunena kuti nyama ipserera. A Makwinja anati nyama ya m'dzenje sipserera, imadikira, ndipo sifukulidwa mwini nyumba asanafike. Apa m'pamene tonse tinazindikira chimene tikudikira. Shifiti ya m'mawa inali itatha kale, ndipo kuchokera kuchipatala kufika ku Oldbury si ulendo wautali. Banja lina linatsanzika n'kupita. Kunja kunayamba kuchita mdima, monga kumachitira msanga m'January, ndipo chisanu chinayamba kulowa m'nsapato. Ndinkaganiza kuti mayi akapanda kubwera, mtsikanayu sadzapondanso pakhomo pano, ndipo mwina banja la akuluakuluwa silidzakhalanso chimodzimodzi. Patapita nthawi yaitali mayi Makwinja anadzandiuza okha kuti tsiku limenelo anakhala pa siteji akuyang'ana mabasi awo akudutsa, osakwera.

Atafika sanalowere kumaso. Anadzera kanjira ka m'mbali kolowera kugadeni, mwina poganiza kuti akwera m'chipinda mwawo osaonedwa. Koma anthu onse anali komweko, atazungulira dzenje, ndipo amuna awo anali ataima pakhomo la khitchini atanyamula Takondwa m'bulangete. Mayi anaima, chikhoti pamwamba pa yunifomu, chikwama m'manja. A Makwinja anayenda n'kukaima patsogolo pawo.

"Mwafika, amake Tiya," anatero. "Tandigwirirani munthuyu, ndikufuna kufukula nyama. Anthu afa ndi njala."

Sanadikire yankho. Anangomutula mwanayo pachifuwa pawo n'kuchotsa manja, moti mayi anachita kuponya chikwama pansi kuti amuwakhe. A Makwinja anatembenuka, analanda fosholo kwa a Tembo, n'kuyamba kukumba osacheukanso.

Atachotsa lata, nthunzi inakwera m'chisanumo ngati mtambo, ndipo fungo linadzaza gadeni yonse mpaka mawindo a nyumba zoyandikana anayamba kutseguka. Anthu anaombera m'manja, ana anakankhana, a Tembo anapsa chala. Ine ndinkayang'ana mayi Makwinja. Anali ataima pomwe paja, atasuntha bulangete pang'ono kuti aone nkhope. Kenako anakweza maso n'kufunafuna mpaka atamuona mwana wawo pakhomo, ndipo mawu oyamba amene anamulankhula patatha miyezi yonse ija anali omukalipira, kuti mwana wakhanda satulutsidwa panja m'chisanu chotere opanda chipewa chokwanira, kodi akufuna kumupha? Analowa naye m'nyumba, Tiyamike akutsatira pambuyo, ndipo anatseka chitseko cha kuchipinda.

Sizinathere pomwepo ngati m'nthano. Mayi sanadye nafe tsiku limenelo, ndipo amuna awo sanawalankhule bwino kwa masabata. Tiyamike anakhalabe kwa ine mpaka Pasaka, kenako anabwerera kwawo, ndipo chaka chotsatira anayambiranso sukulu, agogo awiriwo akusinthana mashifiti kuti alere mwana. Amayi ena a gulu lathu anapitiriza kunong'ona mpaka atapeza nkhani ina. Landilodi atamva za dzenje anabwera atakwiya, ndipo a Makwinja anakwirira n'kudzalanso udzu, osakumbanso mpaka kalekale. Za nyama ya tsikulo, tonse amene tinadya timati sitinalawepo ina yoposa imeneyo. Eni ake anati mchere unachepa.

Ndinawafunsapo tsiku lina ngati sankaopa kuti akazi awo akanatha kukana kumulandira mwanayo pamaso pa anthu onse aja. Anati ankaopa kwambiri. Koma anati anakhala ndi mayiwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti angakane mwamuna, angakane mwana wawo, angakane gulu lonse, koma manja a namwino sangalole khanda kugwa pansi.

Kumapeto kwa mwezi uno mayi Makwinja akusamukira ku Solihull, kumene Tiyamike wapeza ntchito ndi nyumba. Dzulo ndinapita kukawathandiza kulongedza. Khitchini ya nyumba ija ndi yopapatiza ngati kanjira, ndipo kale munthu pofuna kutulukira kuseri ankachita kudutsa cham'mbali, akupepesa a Makwinja. Dzulo ndinangoyenda molunjika mpaka pachitseko. Makabati ali pululu, zitseko zake zili chotsegula. Pakhoma patsala misomali ndi mabwalo oyera pamene pankapachikidwa ziwaya. Windo ndi louma, loonekera bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinazindikira kuti kuchokera pasinki umatha kuona nsanja ya tchalitchi. Pansi, pakati pa sinki ndi chitofu, kapeti wa pulasitiki anaperepeseka mpaka maluwa ake anafufutika, malo awiri oyandikana, kukula kwake ngati mapazi a munthu wamfupi.

Mayi anateleka ketulo, n'kutulutsa makapu awiri amene anali asanalongedze. Mipando inali itapita kale, choncho tinamwa tiyi chiimirire, iwo atatsamira filiji, ine pafupi ndi chitseko. M'khitchini yopapatiza chonchija, tonse awiri tinkachita kulambalala malo operepesekawo.